Nalimata ndi Maswitchi a Nduna Ziwiri

Padangokhala. Inu amene mwasamba madzi otentha lero, yankhani kuti tili tonse. Inu amene mwangopukuta kumaso ndi chala, yankhaninso, sitikakunenezani kwa munthu.

Kalekale, nyama zitayamba kukhala m'nyumba za malata, padali Nalimata, mayi wodziwa za magetsi. Ntchitoyi sadaiphunzire kusukulu ayi. Adabadwira m'siling'i, nakulira pakati pa mawaya, moti waya aliyense ankamudziwa kumene wachokera ndi kumene akupita, monga amayi a pachitsime adziwira ana a eni ake.

Iye ankakhala m'siling'i ya nyumba ina ya boma la nyama. Nyumbayo idali ya mbali ziwiri: makomo awiri, mabafa awiri otsamirana khoma, koma giza yotenthetsa madzi imodzi yokha, pamwamba pa khomalo. Mwamuna wa Nalimata adali atagwidwa ndi mphaka m'mwezi wa Meyi, ndipo chimene adamusiyira ndi mazira awiri basi. Mayiyu adawaikira pamtanda wogundana ndi gizayo, pofunda. Tsono dzira la nalimata likaikiridwa limamatirira pomwepo, ukafuna kulisuntha limasweka. Likazizidwanso masiku atatu m'nyengo ya Juni, lasukuluka. Choncho ana awiri amene adali asadaone dzuwawo moyo wawo udali pa giza.

Kale m'nyumbamo munkakhala mabanja awiri a Mbira, anthu osadziwika, ndipo switchi imodzi ya pakhonde inkawakwanira. Koma Mbira adasamutsidwa, mudalowa akuluakulu. Mbali ya kumanja adalowa a Njiri, Nduna Yoona za Ukhondo. Mbali ya kumanzere adalowa a Kanyimbi, Nduna Yoona za Mpweya Wabwino. Musandifunse kuti adawasankha ndani, ine ndikungofotokoza.

Nduna ziwirizi sizinkapatsana moni. Chifukwa chake chidali chachikulu ndithu: tsiku lolumbira, a Njiri ndiwo adayamba kukweza dzanja, koma kalata ya unduna idayamba kufika kwa a Kanyimbi. Wamkulu ndani pamenepa? Nkhaniyi idali isadathe. Paja akulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji kusambira giza imodzi.

Tsiku lachiwiri, kapitawo wa nyumba za boma, a Nungu, adaima pakhonde nagogoda siling'i ndi ndodo.

"Iwe Nalimata, tsika! Olemekezeka akufuna aliyense switchi yake m'bafa mwake."

"Nanga ya pakhondeyi yalakwanji, akapitawo?"

"Yapendekera kumanja ndi zala zinayi. A Kanyimbi ayeza."

Kenaka a Nungu adatsitsa mawu. "Ndikuuziretu. Akadandaula kamodzi, ndibaya munga wanga pachitseko ichi. Minga ikakwana itatu, giza ndiichotsa kuti pakhale mtendere, ndikaisunge kwathu."

Nalimata adadziwa kuti kwa a Nungu kuli bafa latsopano lopanda giza. Koma mtima wake udali pa mazira.

Adayamba kwa a Njiri, amene adawapeza akudzola matope kumsana. "Bwana Nduna, switchi yanu mukufuna izigwira ntchito bwanji?"

"Giza isayake popanda chilolezo changa. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Adadutsa pakabowo ka m'khoma kupita kwa a Kanyimbi, atagwira mphuno mwaulemu. "Nanga inu, Olemekezeka?"

"Chinthucho chisayake ine ndisadavomere."

Nalimata adakwera ndi pulayala yake. Adatenga waya mmodzi, namudutsitsa pa switchi ya a Njiri, kuchoka apo pa switchi ya a Kanyimbi, kenaka ku giza, kuti moto ufike pokhapokha onse awiri atayatsa. Pogwira ntchito ankaimba kanyimbo kake ka masiku onse, konena kuti waya wofiira sadziwa bwana, amaluma wa tayi ndi wa chigamba chimodzimodzi. Kanyimboko kankathera ndi kukhatcha lilime katatu. Atamaliza adafotokozera nduna zonse mmene zinthu zilili, nawonjezera kuti mutu umodzi susenza denga.

Kutacha, a Njiri adaima m'bafa ndi thawulo m'chiuno, chala chili pa switchi. Kenaka adaganiza. Ndikayamba ndine kuyatsa, ndiye kuti ndikuwiritsira madzi Kanyimbi. Ndine wantchito wake ine? Adachotsa chala. Kuseri kwa khoma a Kanyimbi adali ataganiza zomwezo. Aliyense adakhala pa chidebe kudikira kuti amve mnzake akudina. Dzuwa lidakwera, lidapendeka, sipadamveke kanthu.

Tsiku loyamba giza idali yofundirako. Lachiwiri idazizira ngati mphuno ya galu. Nalimata adagona pa mazira ake, koma thupi la nalimata lili ndi moto wanji? Adachita mantha kwambiri. Adatsika nagwada kwa a Njiri.

"Bwana, kungodina kokha. Chala chimodzi."

"Kauze uyo ayambe."

"Olemekezeka a Kanyimbi, chonde."

"Ine ndidalandira kalata poyamba. Woyamba kulandira kalata sayamba kuyatsa."

Madzulo ake onse awiri adaitanitsa kapitawo, aliyense pakhomo pake, kudandaula kuti giza yafa. A Nungu adazula munga kumsana kwawo naubaya pachitseko, akumwetulira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nalimata sadadikire kuitanidwa. "Mabwana, ndidalakwitsa ndine. Nenaninso chimene mukufuna."

"Ndikayatsa ine iyake," adatero a Njiri, "wina afune asafune."

"Ndikayatsa ine iyake," adatero a Kanyimbi kuseri, ngati adapangana.

Mayi uja adakweranso. Ulendo uno switchi iliyonse adaipatsa waya wakewake wopita ku giza, kuti aliyense akayatsa yekha moto ufike. Kanyimbo kaja adakaimba mothamanga, dzanja lili pa waya, diso lili pa mazira. Asadatsike n'komwe adamva kudina kuwiri nthawi imodzi, giza nkuyamba kung'ung'udza. Adaika tsaya pa dzira limodzi namva likufunda. Adalira pang'ono, chifukwa cha chimwemwe.

Masiku anayi adadutsa bwino. Tsiku lachisanu lake a Njiri adasamba mofulumira, nazimitsa switchi yawo, natsamiritsa khutu kukhoma kuti amve mnzawo akukuwa ndi madzi ozizira. Adangomva madzi akuthira mosangalala. Atasuzumira panja adaona nthunzi ikutuluka pazenera la a Kanyimbi.

"Nalimataaa!"

"Wawa, bwana."

"Ndazimitsa ine. Ine, Nduna yathunthu. Chinthucho chikuyakabe bwanji?"

"Anzanu ayatsa yawo, bwana. Paja mudati…"

"Anzanga? Ndili ndi mnzanga ine muno? Ulamuliro wongoyatsa osazimitsa ndi ulamuliro wanji? Ngakhale mwana amayatsa moto. Wamkulu ndi amene amazimitsa!"

Tsiku lomwelo a Kanyimbi nawo adayesa kuzimitsira a Njiri, nalephera, nakwiya mpaka m'nyumba monse simudapumike. A Nungu adabaya munga wachiwiri.

"Pakadafunda padajiwitsa galu, mayi," adatero akuyang'ana m'mwamba. "Bwanji osasamuka?"

"Mazira sasamuka, akapitawo."

"Mazira ndi ako. Giza ndi ya boma."

Kachitatu Nalimata adafunsa, ndipo kachitatu nduna zidayankha mofanana: aliyense azitha kuyatsa, azithanso kuzimitsa, osayang'ana za wina. Njira yake ilipo, amaidziwa onse a zamagetsi. Ndi ija ya babu la pamasitepe, lomwe wina amayatsira pansi nkukazimitsira pamwamba. Nalimata adakoka mawaya awiri pakati pa maswitchi aja, akuimba kanyimbo kake motsitsa, chifukwa mtima unkamuuza kuti apa akukumba dzenje. Pomaliza adachenjeza onse awiri.

"Mabwana, switchi yotereyi ilibe kumwamba, ilibe kunsi. Ukadina imangotembenuza chimene mnzako wasiya. Ngati inali yoyaka izima, ngati inali yozima iyaka."

"Zabwino zimenezo," adatero a Njiri. "Mawu omaliza ndi anga."

"Mawu omaliza ndi anga," adatero a Kanyimbi.

M'mawa mwake a Njiri adadina. A Kanyimbi adamva, nadina. A Njiri adadinanso. Kha! Kha! Kha! Kha! Pofika nthawi ya kadzutsa padalibe amene ankadziwa ngati giza ili yoyaka kapena yozima, koma padalibenso wofuna kuti kudina komaliza kukhale kwa mnzake. Galimoto zowatenga zidabwera, zidaliza mabelu, zidabwerera. Msonkhano wa nduna udachitika popanda Ukhondo ndi Mpweya Wabwino, ndipo akuti palibe adazindikira. Akuluakulu awiri adaima m'mabafa mpaka masana, mathawulo m'chiuno, sopo atauma m'makutu, zala zitatupa.

Kumwamba zinthu zidali zoopsa. Giza inkati ing'ung'udze nkuleka, ing'ung'udze nkuleka. Polumikizira mawaya padayamba kuthetheka, fungo la pulasitiki wopsa lidadzaza siling'i, ndipo kamoto kena kadagwera pamtanda, pafupi ndi mazira. Nalimata adakazimitsa ndi mimba yake. Mpaka lero mimba ya nalimata ndi yoyera mbuu, ngati chipsera. Kenaka adathamanga kukadula moto wonse wa giza.

Nkhondo idatha a Njiri atazindikira kuti pa kudina kwawo konse, theka ankayatsira a Kanyimbi. Adakhala pansi m'bafa, nagwira mutu. Munga wachitatu udabayidwa dzuwa lisadalowe.

"Lachisanu ndibwera ndi sipanala," adatero a Nungu.

"Akapitawo, lero ndi Lachiwiri. Ndipatseni masiku awiriwa. Akadzadandaulanso, ndidzakuthandizani ndekha kumasula."

A Nungu adaseka. "Yesa. Njira zonse wazitha."

Zoonadi njira zonse za m'mawaya zidali zitatha. Nalimata adakhala pakati pa mazira ake awiri, nayamba kuganiza za eni nyumba m'malo moganiza za mawaya. Kodi anthu awa akufuna chiyani kwenikweni? Madzi otentha a iwo eni, chimenecho n'chapafupi. China n'chakuti amve mumtima kuti mnzawo akunjenjemera. Nanga adaonapo bafa la mnzawo? Ayi. Adafunsanapo kuti mwasamba bwanji? Ngakhale moni sapatsana. Apa Nalimata adakhatcha lilime katatu, osaimba n'komwe.

Lachitatu m'mawa adagwira ntchito imene sadaiuze munthu. Giza adailumikiza molunjika ku moto, naika switchi yake yeniyeni m'siling'i momwemo, pambali pa mazira, nkuiyatsa. Maswitchi a m'mabafa adawadula ku giza kotheratu. Iliyonse adaipatsa kababu kofiira pamwamba pake, kotenga moto ku nyale ya m'bafamo. Ukadina kababu kayaka, ukadinanso kazima. Ntchito yake idali yomweyo basi.

Adatsikira kwa a Njiri, nayang'ana uku ndi uku ngati wobisa nkhani.

"Bwana Nduna, ndikunong'onezeni. Ndaganiza ndaona kuti wamkulu ndinu. Woyamba kukweza dzanja ndiye woyamba. Switchi yeniyeni ndaika kwanu kuno. Onani kababu aka. Kakayaka, madzi atentha. Mukakazimitsa, uko kwazizira nthawi yomweyo."

"Nanga ya uyo?"

"Ya pakhoma chabe, bwana, yongowasangalatsa. Koma musawauze, angandithamangitse."

A Njiri adadina. Kababu kadayaka. Adatsekula mpopi, madzi adatuluka otentha nthawi yomweyo.

"Msanga chonchi?"

"Switchi ya akuluakulu imeneyo, bwana. Giza imakuopani."

Mano a a Njiri adatuluka onse. Koma kenaka adakwinya nkhope. "Nanga ndikazimitsa, ndidziwa bwanji kuti akuzizidwa? Tsiku lija sadakuwe."

"Aaa, bwana, munthu wonyada ngati uja angakuwe inu mukumva? Amabisa. Madzi ozizira akamulasa, amayamba kuimba kuti mano asamveke kugunda. Mukamva nyimbo, dziwani kuti zamuvuta. Akakweza mawu, ndiye kuti zafika m'mafupa."

"Nanga nthunzi pazenera?"

"Ketulo, bwana. Amaiika pazenera kuti anthu asadziwe."

A Njiri adaseka mpaka adatsamira khoma. Nalimata adadutsa pakabowo kaja, nagwira mphuno, nanena zomwezo kwa a Kanyimbi, kungosintha pamodzi: woyamba kulandira kalata ndiye woyamba.

Tsono madzi otentha m'mwezi wa Juni amaimbitsa aliyense, ngakhale wopanda mawu. Lachinayi m'mawa a Njiri adasamba, thupi lidamasuka, ndipo osazindikira adayamba kuimba. Nyimbo yake iti? Yomwe ankaimva kuchokera m'siling'i masiku onsewa, ya waya wofiira wosadziwa bwana. Mawu ake sadawaganizirepo, adangokonda kakomedwe kake. Kuseri a Kanyimbi, amene adali atasamba kale nkuzimitsa kababu kawo, adamva nyimboyo nagwira pakamwa. "Akufa nako kuzizira mkuluyu!" Madzulo a Kanyimbi adabwereza kusamba, nawonso adaimba yomweyo mokweza, mpaka kukhatcha lilime kumapeto. A Njiri, chala chili pa switchi yozima, misozi ya chiseko idali mbwembwembwe.

Lachisanu a Nungu adafika ndi sipanala. Adapeza bata.

"Olemekezeka a Njiri, dandaulo lililonse?"

"Palibe. Mayi uja ndi katswiri. Amadziwa wamkulu."

"Olemekezeka a Kanyimbi?"

"Musamuvutitse mayi ameneyo. Ali ndi maso."

A Nungu sadakhutire. Adabwereka makwerero, nalowetsa mutu m'siling'i, nayamba kulondola mawaya ndi chala. Waya wa a Njiri adathera pa kababu. Waya wa a Kanyimbi adathera pa kababu. Switchi yeniyeni adaiona ili phee pambali pa mazira awiri.

"Wakuba iwe! Wapusitsa boma!"

Adamugwira mchira. Nalimata adaona kuti mchira ndi mazira sizifanana mtengo, adausiya m'manja mwa kapitawo nathawira kuseri kwa giza. Udamupweteka, tisaname. Koma ali komweko adati, "Kawauzeni, akapitawo. Mungondiuza kuti muyamba kuuza ndani."

A Nungu adatsika ndi mchira ukuvinavina m'dzanja. Funso lija lidawasokoneza, choncho adaima pakatikati pa bwalo, poyeza bwino, nakuwa, "Olemekezeka!" Nduna zidatuluka, iliyonse pakhomo pake, iliyonse ikuyang'ana kumbali.

"Mabwana, mwanamizidwa. Maswitchi anu onse awiri ndi achabe. Sayatsa giza, sazimitsa giza. Amangoyatsa timababu."

A Njiri adayang'ana a Kanyimbi ndi kangodya ka diso, mwachisoni pang'ono. Wosauka, wamva tsopano kuti yake ndi yachabe. A Kanyimbi nawo adayang'ana a Njiri chimodzimodzi.

"Za switchi ya ena sindingayankhe," adatero a Njiri. "Koma iwe Nungu, ukunena kuti ine, Nduna, ndakhala ndikudina khoma?"

"Ndi zoona, bwana. Ndaona ndi maso angawa."

"Ine ndamva ndi makutu anga," adatero a Kanyimbi. "Ndikazimitsa, zotsatira zake ndimazimva. Sinditchula dzina."

"Inenso ndimazimva," adatero a Njiri. "Mokweza."

"Ndiye lowani m'bafa la mnzanu, mugwire madziwo!"

"Ine? M'bafa la Kanyimbi? Ukufuna ndife?"

"Ine ndiponde matope a Njiri?"

"Chabwino, zimitsani nonse awiri tsiku lathunthu, muone ngati madzi azizire."

"Ayambe ndani?" zidafunsa nduna zonse pamodzi.

Ndipo tsiku limenelo, koyamba chilumbirire, Nduna Yoona za Ukhondo ndi Nduna Yoona za Mpweya Wabwino zidagwirizana chinthu chimodzi: kapitawo wonyoza maswitchi a akuluakulu sayenera kuyang'anira nyumba za boma. Adamutumiza kukayang'anira zimbudzi za kumsika. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo Nalimata adali atakhala pa mkhate wosweka msanga kuposa yonse, ulemu wa mabwana.

Adazula yekha minga itatu ija pachitseko, nakakhomera mawaya ake kuti asalendewere.

Patapita milungu isanu mazira adaswa, onse awiri. Mchira wa mayi wawo udali utayamba kuphuka, waufupi, wosiyana mtundu ndi thupi. Mbiri ya maswitchi idafalikira mwakachetechete, chifukwa nduna iliyonse idanong'oneza anzake apamtima kuti ili ndi switchi yolamulira nyumba yonse. Posakhalitsa akuluakulu ena adayamba kuitana Nalimata kuti awaikire yotero, ya kababu kofiira. Sadakane. Ndi chifukwa chake mpaka lero nalimata mumamupeza pakhoma pafupi ndi nyale, akuyendera ntchito yake.

Tsiku lina m'mawa ana aja adasuzumira pakabowo ka siling'i, naona a Njiri atavala thawulo, akudina switchi ndi ulemu wonse, chifuwa patsogolo. Kuseri a Kanyimbi adali pakati pa nyimbo ija.

"Amayi," adafunsa wamng'ono, "switchi ya a Ndunayo imayatsa chiyani?"

"Kababu, mwanawe."

"Basi? Nanga akusangalala chiyani chonchija?"

"Tsitsa mawu," adatero Nalimata, akupukuta fumbi pa switchi yeniyeni. "Ukufunda kapena sukufunda?"

"Ndikufunda."

"Ndiye ukakumana nawo uziwathokoza."

Yathera pompo. Amene muli ndi switchi kwanu kadineni, muone ngati chilipo chimene chikuyaka.